Mabuleki a kambale pa mtsetse wa Lapani

Chaka choyamba, ku Nsambe

Ana anga, za ubwana wanga ku Dedza munazimva mpaka kutopa nazo, choncho ndiyambira pomwe boma linandilemba ntchito ya ulangizi wa zaumoyo n'kunditumiza ku Neno, m'dera la Nsambe. Ndinafika ndi sutikesi imodzi ndi matama odzaza thumba. Ndinkati munthu wa ku Dedza palibe angamuphunzitse za mapiri. Bwana wanga woyamba, a Mwale, amene ankayang'anira kachipatala kathu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka analowa m'chipinda cha katundu n'kutulukamo akukankha njinga yakuda, yaitali, yolemera ngati thole. "Ofesi yanu ndi iyi, a Mbewe," anatero. "Mpando wanu ndi chishalochi. Mukafuna tebulo, nayu kaliyala."

Ntchito yanga inali kunyamula katemera wa ana m'bokosi lozizira n'kupita naye m'midzi kukachititsa sikelo, mudzi uliwonse kamodzi pamwezi. Katemera sadikira munthu. Madzi oundana a m'bokosimo akasungunuka ndiye kuti wayendera pachabe, motero kuyenda pansi kunalibe phindu, inkafunika njinga. Midzi yambiri inali yofikika bwino, koma unalipo umodzi kuchigwa umene njira yake inali mtsetse wautali wokhotakhota. Anthu anautcha Lapani, amati munthu ukafika pamwamba pake uli panjinga, yamba walapa machimo ako usanatsike. Amayi a kuchigwako kuti afike kuchipatala ankakwera phiri theka la tsiku mwana ali kumsana, ndipo m'dzinja ambiri sankayesa n'komwe. Ife tikapanda kutsika, ana a kumeneko ankangokhala opanda katemera.

Njinga yakudayo inali ndi mabuleki amene tonse tinakula nawo, timphira tiwiri tofinya limu uku ndi uku. M'chilimwe ankagwira ngati munthu waukali. Koma mvula ikagwa, dothi lofiira lija likamatirira pa limu, mphira zinkangonyambita chitsulo ngati galu akunyambita mbale, njinga ili liwiro. Komanso matope a mchenga ankadya mphirazo milungu iwiri yokha zatha, ndipo ku ofesi zatsopano sizinkabwera. Tsiku loyamba kutsika Lapani kutagwa mvula ndinakafika kumunsi ndikukhwekhwereza mapazi onse awiri, nsapato imodzi itatsala panjira. Matama a ku Dedza anathera pomwepo.

Amene anandiphunzitsa nzeru ndi a Kamtengo, okonza njinga pamsika, munthu wosathamangira kulankhula. Iwo ankasema mphira kuchokera ku tayala lakale la lole. Atamva za nsapato yanga anaseka mpaka kupukuta misozi. "Achimwene, kuno buleki weniweni ali m'tchire," anatero. "Mukafika pamwamba, dulani nthambi yamasamba, mumange kumbuyo ndi chingwe, izikokeka pansi. Zikavutabe, pondani tayala lakumbuyo ndi chidendene cha jombo. Mphira zangazi n'zongokuthandizirani." Ndinatero zaka zonse za nthawi imeneyo. Ndinkafika kuchigwa ndikukoka chinthambi ngati ndikusesa msewu, ndipo mayi wina wa kumeneko, a Nangozo, ankaitenga nthambiyo kuti ikauma ikhale nkhuni.

Pamsika womwewo ndi pamene ndinapeza amayi anu, akusoka zovala pakhonde la sitolo. Titakwatirana, njinga ija anaitenga ngati mwana wawo woyamba. Loweruka lililonse ankaipukuta n'kuithira mafuta a makina osokera pa tcheni, pa mapedulo, paliponse pomwe pamveka kulira. Lamulo lawo linali limodzi: chitsulo chikalira, chikupempha mafuta. Ndipo sankanama, njinga yanga inkayenda mwakachetechete kuposa za anzanga onse.

Zaka za ku Chifunga

Kenaka anandisamutsira ku Chifunga, kumene ambiri a inu munabadwira. Kumeneko dziko ndi lina. Kutentha, mchenga, minga, koma njira zake zambiri n'zachidikha. Mdani wanga anali minga yoboola chubu, moti zigamba zinkatha msanga kuposa mchere wa m'nyumba. Bwana wathu a Phiri anali munthu wokoma mtima koma woiwalaiwala, ndipo firiji ya katemera ikatha mafuta ankandituma ine kukasungitsa katemera kuchipatala china dzuwa lili pamutu. Za mabuleki sindinkaziganiza n'komwe. Mphira ziwiri zinkatha chaka, zikatha ndinkazipeza m'golosale iliyonse, ndipo ndinkamanga ndekha ndi sipanala imodzi. Chifukwa chogwirira buleki kumeneko chinali mbuzi basi. Ndikunena izi kuti musaganize kuti ndimanyoza mabuleki a mphira. Anandilerera ana, ndipo pamalo ngati Chifunga sindingawasinthanitse ndi china chilichonse.

Zinali zaka zokoma. Ndinkabwera kuntchito wina wa inu ali pa kaliyala, wina pa chitsulo chakutsogolo, amayi anu akukalipa kuti ndiwathyolera ana miyendo m'masipoko. Ndinanenepa pang'ono, ndipo Lapani ndinkangomusimba ngati nkhani ya kunkhondo.

Kubwerera ku Nsambe

Imvi zitayamba, anandikweza kukhala woyang'anira alangizi anzanga n'kundibwezera ku Nsambe. Ndinapeza a Mwale anapuma kale. M'malo mwawo munali Mayi Mhango, ochokera ku Rumphi, amsinkhu wa mwana wanga woyamba, koma odziwa ntchito ndiponso osakonda kubwereza mawu. Mvula itangoyamba chaka chimenecho, mlangizi mnzathu amene ankatsika Lapani anagwa nthambi yake itaduka chingwe. Anathyoka mkono, ndipo timabotolo ta katemera tinasweka. Mayi Mhango anandiitana mu ofesi.

"Bambo Mbewe, sikelo ya kuchigwa ndikuitseka mpaka mvula ithe. Sindingamatumize anthu kukathyoka."

"Mayi, mvula kuno imatenga miyezi yambiri. Ana obadwa panopa adzakhala atakula opanda katemera."

"Ndikudziwa. Koma mkono wa munthu uja ndiyankhapo ndine. Kodi inuyo muli ndi nzeru ina?"

Nzeru ndinalibe, ndipo ndinatuluka mtima ukundiwawa. Koma mwayi sulira ng'oma. Sabata yomweyo bungwe lina lothandiza zaumoyo linatitumizira njinga imodzi yoti tiiyese, n'kutiuza kuti tikaikonda lidzagulira alangizi onse. Mabuleki ake sankakhudza limu. Pakati pa gudumu lililonse panali kachitsulo kozungulira kophwatalala, ndipo timphira tating'ono tolimba tinkafinya pamenepo. Eni ake ankati disiki, ife tinangoti kambale. A Kamtengo, amene tsopano anali ndi magalasi a maso, anagwada n'kukayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Nzeru yake ndaiona," anatero. "Matope amakhala kunja ku limu, iwo buleki amuthawitsira pakati. Koma timphira iti ine sindingaseme, ndipo kuno simungatipeze. Tikatha muzikalira ku Blantyre."

Ine za ku Blantyre sindinazimvere. Ndinabwerera kwa Mayi Mhango n'kupempha kuti sikelo ya kuchigwa ndiitenge ndekha ndi njinga imeneyi. Anandiyang'ana imvi zanga, ine n'kuyang'ana kudenga.

"Chabwino, dzinja limodzi," anatero. "Koma mukangogwa kamodzi, kapena kabotolo kamodzi kakasweka, ndikutseka ndipo musadzabwerenso kudzandichonderera. Dzinja likatha mundilembere ngati njingazi zili zoyenera anzanu."

Kukoma kwa ulendo woyamba uja sindidzakuiwala. Mvula inali itagwa m'mawa wonse, njira ili noninoni. Pamwamba pa Lapani dzanja linafuna kale chikwanje chodulira nthambi, koma ndinadziletsa. Ndinagwira buleki ndi zala ziwiri zokha, njinga n'kumvera. Ndikafuna kuima inkaima, ndikafuna kuyenda pang'onopang'ono inkatero, matope ali mbwee m'matayala. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kwaya, ine munthu amene anandichotsa m'kwaya chifukwa cha mawu. Ndinafika kumunsi malaya ali oyera. Amayi anali atasonkhana pansi pa mitengo ya manachesi, ndipo a Nangozo, amene tsopano ankabwera ndi zidzukulu, anazungulira njinga kufunafuna kumbuyo kwake.

"Adokotala, kodi nkhuni zanga zili kuti?"

"Zatha zimenezo, mayi. Boma latukuka."

"Kutukuka kwanji kolanda nkhalamba nkhuni," anatero, amayi onse n'kufa nazo kuseka.

Miyezi iwiri inadutsa chomwecho. Ndinayamba kunyada, ndikuvomera. Pamsika ndinkaima dala mwadzidzidzi pamaso pa anyamata a kabaza kuti aone. Vuto linali limodzi lokha: kambale kakanyowa kankalira ngati nkhumba yomangidwa, moti anthu ankadziwa kuti ndikubwera ndisanatulukire. Ine kulirako sikunkandisowetsa mtendere. Sindinaganize kuti kunyumba kuli munthu amene kukumupweteka m'makutu.

Lachitatu la mwezi wachitatu

Loweruka lina ndinapita kumaliro wapansi, njinga n'kuisiya kunyumba. Lolemba ndi Lachiwiri ndinali mu ofesi. Lachitatu linali tsiku la kuchigwa. Kuchokera kuchipatala mpaka pamwamba pa Lapani njira ndi yokwera, ndiye buleki sindinamugwire ngakhale kamodzi. Nditayamba kutsika ndinafinya ndi zala ziwiri, njinga osamva. Ndinafinya ndi dzanja lonse, mbali zonse ziwiri, koma inangopitirira mwakachetechete, osalira ngakhale pang'ono. Mantha amene ndinamva pamenepo anali a bokosi lija kuposa a mafupa anga. Thupi linakumbukira lokha za a Kamtengo. Ndinaponda tayala lakumbuyo ndi chidendene cha jombo mpaka fungo la mphira yopserera linamveka, liwiro n'kuchepako, koma pokhota pomaliza sindikanakwanitsa. Ndinasankha pogwera. Ndinalunjika m'munda wa nthochi za a Nangozo, n'kukumbatira mtengo wa nthochi ngati m'bale amene ndamusowa zaka zambiri.

Ndinadzuka matope thupi lonse, bondo litasupuka. Choyamba ndinatsegula bokosi. Timabotolo tonse tinali bwinobwino. Amayi a kusikelo anafika akuthamanga, ndipo ataona kuti ndili moyo anayamba kuseka mobisa m'zitenje. Sikelo tinachita monga mwa masiku onse, ine ndikutsimphina. Pomaliza ndinawauza za pangano langa ndi bwana, chifukwa nkhani inali yawo. Kenaka a Nangozo anati, "Ife sitinaone kanthu, adokotala. Nthochi ija yagwa ndi mphepo, eti amayi?" Onse anavomera kuti mphepo inalidi yamphamvu m'mawa umenewo.

Ndinakwera phiri ndikukankha njinga. Panjira ndinakhudza kambale ndi chala, chala n'kubwera chonyezimira. Ndinanunkhiza, ndipo fungolo ndinalidziwa bwino lomwe. Nditafika kunyumba madzulo dzuwa lisanalowe, amayi anu anali pamakina, ndipo asanaone bondo langa anandilandira ndi nkhope yosangalala.

"Mwaona, bambo a Tadala, kuti yasiya kulira? Ndinaithira timadontho tiwiri tokha pa timbale tija Loweruka."

Mukundidziwa kuti mtima wanga ndi wapachala. Ndinalankhula mawu amene sindiwalemba muno. Iwo atamva zonse anakhala pansi pakhonde, manja ali pamutu. Mkwiyo wanga unatha msanga, chifukwa ndinadzifunsa kuti analakwa chiyani. Zaka zonsezi mafuta awo ndi amene ankandiyendetsa. Pa mabuleki akale sankathirapo, poti aliyense amadziwa kuti mphira ndi mafuta sizigwirizana. Koma ichi chinali chitsulo, ndipo chinkalira. Ine amene ndinkanyada nayo njingayo sindinawauze kanthu, poti nanenso palibe anandiuza.

Apa ndi pamene panali chisankho chovuta kuposa zonse pantchito yanga. Ndikanakhala chete, palibe akanadziwa. Amayi a kuchigwa anali atatseka pakamwa, sikelo ikanapitirira, ndipo ine ndikanalemba kuti njinga ndi zabwino. Koma njingazo zikanafika kwa anzanga onse, ndipo m'nyumba ya mlangizi aliyense muli kabotolo ka mafuta ndi munthu wachikondi amene amadana ndi chitsulo cholira. Wina akanagwera pamwala, osati pa nthochi. Ndikanena, ndiye kuti pangano ndaliswa ndekha, sikelo yatsekedwa, ndipo mkazi wanga asanduka nkhani ya pamsika. Ndinakhala pakhondepo ndikusinkhasinkha mpaka tiyi anazizira. Amene anadula nkhani ndi amayi anu.

"Kaneneni mawa," anatero. "Ndipo musakanene kuti mwana wathira. Mukanene kuti ndine. Kusekedwa sikupha munthu."

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya Mayi Mhango ndikuyesetsa kusatsimphina, koma iwo anali ataona kale. Ndinafotokoza zonse osasiyako. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Anamvetsera cholembera chili m'manja, ndipo pofika pa nthochi ndinaona kuti afuna kuseka, koma anadzigwira.

"Ndiye mwagwa, bambo Mbewe."

"Ndagwa, mayi."

"Mukanapanda kunena, ndikanadziwa?"

"Ayi. Kuchigwa konse akuti inali mphepo."

Anaika cholembera pansi. "Pangano lija munalimva," anatero. "Koma sindikufuna kutseka chinthu chimene sindinachione ndi maso anga. Konzani njinga. Mwezi wamawa ndipita nanu, ndikaone njirayo, ndipo ndikagamula komweko. Musayembekezere zambiri."

Kukonzako kunatiphunzitsa mbali ina ya mabuleki amenewa. Kambale tinakatsuka ndi sipiriti wa kuchipatala n'kuyera. Koma timphira tinali titamwa mafuta. A Kamtengo anatiwamba pamakala, n'kutikhula pa simenti, n'kumangirira, kenaka anayesa pabwalo la msika. "Zopitira kutchalitchi zakwana," anatero, "koma pa Lapani sindingakuloleni." Tinafunsa m'masitolo a paboma, tinatuma munthu ku Lisungwi, osapezeka. Akanakhala mabuleki akale, tayala la lole linali pomwepo. Masiku ankatha, ine tulo tikuchepa. Sabata yomaliza Mayi Mhango anapita kumsonkhano ku Blantyre, ndipo pobwera anaika kaphukusi patebulo langa. Munali timphira tatsopano. Sindinawatume, ndipo sindinadziwe kuti anajambula takale tija pa foni.

Lipoti langa ndinalemba masiku omwewo, ndipo maganizo anga sanasinthe mpaka lero. Ndinati alangizi a kumapiri apatsidwe za kambale, chifukwa pamatope ndi pamtsetse palibe chofanana nazo, koma njinga iliyonse ibwere ndi timphira tapadera, ndipo pophunzitsa asaitane mlangizi yekha, aitanenso wa kunyumba kwake amene amaipukuta. Ndinatinso anzathu a kuchidikha asawavutitse, awasiyire za mphira zimene angakonze pansi pa mtengo uliwonse. Amayi anu anasekedwadi pamsika milungu ingapo, mpaka ena ankabwera ndi mipeni yawo kuti awathirireko timadontho tiwiri. Iwo ankaseka nawo, ndipo makasitomala anachuluka.

Tsiku la chigamulo

Linafika Lachitatu lija kumwamba kutachita mdima, mvula yowaza ikugwa. Ndinkaganiza kuti Mayi Mhango atsika wapansi, ine ndizikankha njinga pambali pawo. Pamwamba pa Lapani anaima n'kuyang'ana kumunsi, kenaka anandiuza kuti ndimasule bokosi pa kaliyala. Analinyamula pamiyendo n'kukhala pa kaliyalapo.

"Mayi, mukutsimikiza?"

"Ndikufuna ndimve zimene ndimatumako anthu. Tiyeni, ndisanasinthe maganizo."

Sindinayendetsepo njinga mosamala ngati tsiku limenelo. Timbale tinkalira njira yonse, ndipo kulira kumeneko kunandikomera kuposa nyimbo iliyonse. Dzanja limodzi la bwana linali pa bokosi, lina litagwira malaya anga mpaka batani linaduka. Pokhota pachiwiri ndinawamva akupemphera m'Chitumbuka. Pokhota pomaliza, pafupi ndi nthochi zija, ndinaima dala pamalo otsetsereka kwambiri, matope ali m'miyendo, kuti aone kuti njinga ikhoza kuima. "Ndaona, bambo Mbewe," anatero. "Musachite kuonetsera. Tiyeni."

Titafika, anatsika n'kundipatsa bokosi. Amayi anali atadzaza pansi pa mitengo ya manachesi, ena atafunda mapepala a pulasitiki, ana ali kumsana, makadi a sikelo atawabisa m'mabulauzi kuti asanyowe. Ena anachokera kutsidya kwa mtsinje, zitenje zitanyowa mpaka m'chiuno. Onse ankadziwa chimene mlendoyu wabwerera. Mayi Mhango anawayang'ana, n'kucheukira phiri limene tinatsika, n'kuwayang'ananso. Anafunsa mayi wina wa mwana wakhanda kuti kuchipatala amatenga nthawi yotani. Mayiyo anati akanyamuka tambala atalira amafika dzuwa lili pamutu, ngati mtsinje walola.

Bwana sananene za chigamulo. Anapempha mpando, anatsegula kaundula, n'kuyamba kuitana mayina, ine ndikubaya katemera. Mtima wanga unali m'mwamba mpaka mwana womaliza. Atatseka kaundula anaimirira, n'kukonza chitenje chawo chamatope.

"Amayi, mwezi wamawa ndi Lachitatu lachiwiri, nthawi yomweyi," anatero. "Mvula igwe, isagwe. Muuzane."

Ndinatembenuka n'kuyamba kumanga bokosi pa kaliyala, kuti amayi a kuchigwa asaone adokotala awo akulira.